Fumbi lomwe mvula siilifikira: mmene amaliyezera ndi kuwala kwa dzuwa

Aliyense amene anakulira m'nyumba ya malata akale akudziwa chinthu ichi. Masana dzuwa lili paliwombo, chitseko chili chotseka, kuwala kumalowa pa kabowo ka msomali n'kuima m'chipindamo ngati ndodo. Wina akayamba kusesa, ndodo ija imawala kwambiri ndipo umaona tinthu tikuvinavina mmenemo. Fumbi likakhazikika, ndodoyo imazilala. Chomwe diso laona ndi kuwala komwe fumbi lakupatutsa panjira yake n'kukuponyera kwa iwe amene waima chapambali. Ukanakhala ndi chida choyezera kuwalako, ukanatha kunena kuchuluka kwa fumbi m'chipindamo popanda kuligwira.

Nzeru yomweyi, ataikulitsa n'kuikweza pa setilaiti, ndi imene asayansi akugwiritsa ntchito poyeza tinthu ting'onoting'ono toyandama mumpweya pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pansi. Tinthuti amatitcha ma aerosol, ndipo dera lomwe tili limatchedwa stratosphere. Nkhaniyi imamveka yakutali ndi munthu wolima chimanga, koma tinthu timeneti tinaziziritsapo dziko lonse kwa zaka pafupifupi ziwiri, ndipo lero kuli anthu amene akulingalira zotithira kumwambako mwadala. N'chifukwa chake ndikuona kuti n'kofunika kudziwa mmene timayezedwera, komanso pomwe muyesowo umatsimphina.

Mpweya wozungulira dziko uli m'magawo. Gawo lapansi, lomwe tikupumali, ndi momwe muli mitambo, mphepo ndi mvula, ndipo kumadera otentha ngati kwathu kuno limafika makilomita 16 kapena 17. Nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje, yomwe ndi mamita 3,002, ili pansi kwambiri m'gawoli. Ngakhale ndege zonyamula anthu zimauluka pa makilomita 10 mpaka 12 basi. Pamwamba pa gawoli ndi pomwe stratosphere imayambira, n'kukafika makilomita 50. Kumeneko zinthu ndi zotembenuka: ukamakwera, mpweya umanka nutentherako, chifukwa mpweya wotchedwa ozone, womwe uli kumeneko, umamwa mbali ina ya kuwala kwa dzuwa. Mpweya wofunda ukakhala pamwamba pa wozizira sipakhala kusakanikirana, motero kulibe mitambo ya mvula. Utsi wa moto wa m'tchire womwe umaphimba mapiri mu Seputembala ndi Okutobala umatha chizimalupsa chikangogwa. Koma chomwe chafika mu stratosphere chilibe wochitsuka. Chimayandama chaka chathunthu kapena kupitirira, mphepo zikuchifalitsa kuzungulira dziko lonse.

Kuti kumwambako kuli tinthu totere anatsimikiza ndi Christian Junge, katswiri wa ku Germany, amene cha m'ma 1960 anakweza zida pa mabaluni n'kupeza mkanda wa tinthu ta salifa wozinga dziko. Mpaka lero mkandawo umatchedwa dzina lake. Ngakhale ndikunena kuti fumbi, tambiri mwa tinthuti ndi timadontho ta asidi wa salifa wosakanizika ndi madzi, magawo atatu asidi, gawo limodzi madzi. Kukula kwake kadontho kamodzi sikafika maikulomita imodzi (milimita imodzi ili ndi mamaikulomita 1,000), pomwe tsitsi la munthu kunenepa kwake ndi mamaikulomita 50 mpaka 100. M'zaka zabata, salifayo amachokera makamaka ku mpweya wotchedwa carbonyl sulfide, womwe umakwera pang'onopang'ono kuchokera kunyanja ndi kumtunda, monga katswiri wina, Paul Crutzen, anafotokozera mu 1976. Koma phiri likaphulika mwamphamvu, zonse zimasintha m'tsiku limodzi.

Pa 15 Juni 1991 phiri la Pinatubo ku Philippines linaponya mu stratosphere matani pakati pa 15 ndi 20 miliyoni a mpweya wa sulphur dioxide. M'masabata ochepa mpweyawo unasanduka timadontho ta asidi, n'kuzinga dziko. Timadonthoti timabweza mbali ina ya kuwala kwa dzuwa kusanafike pansi, ndipo m'chaka cha 1992 dziko linazizirako ndi pafupifupi theka la digiri. Ozone inachepa, chifukwa pamwamba pa timadonthoti ndi pomwe makemikolo oononga ozone amagwirira ntchito mosavuta. Kadamsana wa mwezi wa pa 9 Disembala 1992 anali wakuda moti mwezi unatsala pang'ono kusowa, poti kuwala komwe kumaufiiritsa nthawi zonse kunatsekerezedwa ndi mkanda uja. Chaka chomwecho mvula yogwa pamtunda padziko lonse inachepa. Ife kuno timakumbukira 1992 ndi chilala chachikulu, ndipo akatswiri amachigwirizanitsa kwambiri ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, yemwe analipo nthawi imeneyo. Kulekanitsa ntchito ya phiri ndi ntchito ya nyanja m'chaka ngati chimenecho kumafuna kuti udziwe bwino lomwe kuti tinthuto tinali tochuluka bwanji, pamtunda uti, komanso tokula bwanji.

Njira yolunjika ndi kupita komweko. Ku University of Wyoming, mumzinda wa Laramie ku America, anayamba mu 1971 kukweza mabaluni onyamula zida zowerenga timadontho kamodzikamodzi. Muyeso wake ndi wodalirika, koma ndi wa malo amodzi ndi tsiku limodzi. Ena amawomba kuwala kwa laser kumwamba n'kuyeza komwe kwabwerera, njira yotchedwa lidar, ndipo setilaiti ya CALIPSO inachita zimenezi kuchokera kumwamba pakati pa 2006 ndi 2023.

Njira yomwe inakhala ngati mulingo wa zonse ndi yoyang'ana dzuwa maso ndi maso. Setilaiti ikamazungulira dziko imaona dzuwa likutuluka ndi kulowa maulendo pafupifupi 15 patsiku. Dzuwa likamalowa, chida chimayamba kuliyeza lili pamwamba pomwe palibe mpweya, kenako chimalitsatira likumira m'mpweya, n'kuona mmene likuzilalira pamtunda uliwonse. Ubwino wake ndi wakuti chidacho chimadziyesa chokha nthawi iliyonse: chimafanizira dzuwa lophimbika ndi dzuwa loyera lomwe chaliona masekondi ochepa apitawo, motero ngakhale chikalambe, muyeso susokonekera. Chida cha NASA chotchedwa SAGE II chinagwira ntchito motere kuyambira 1984 mpaka 2005, ndipo zambiri zomwe tikudziwa za Pinatubo zinachokera kwa icho. Vuto lake ndi kuchepa kwa miyeso. Patsiku chimapeza malo pafupifupi 30 okha, ndipo kuti chiyende madera onse pamatenga pafupifupi mwezi. Mtambo wa phiri lophulika umakhala utasuntha kalekale.

Apa ndi pomwe ndodo ya kuwala ija ikubwerera. M'malo moyang'ana dzuwa, chida chimayang'ana m'mphepete mwa dziko, pomwe mpweya umaoneka ngati kamzere kabuluu kopyapyala kozinga mpira. Njirayi pa Chingelezi amaitcha limb scattering. Dzuwa limakhala chapambali, kapena chakutsogolo, kapena chakumbuyo, ndipo chomwe chimalowa m'chidacho ndi kuwala komwe mpweya ndi ma aerosol zakumwaza. Kuseri kwa mzerewo kuli mdima wa mlengalenga, motero kanthu kowala pang'ono kamaonekera, monga fumbi lija limaonekera chifukwa chipinda ndi chamdima. Setilaiti yomwe ili pa makilomita 600 imaona m'mphepetemo pamtunda wa makilomita pafupifupi 2,800 kuchokera pomwe ili. Chifukwa chidacho chikuyang'ana mopingasa, diso lake limayenda makilomita oposa 200 mkati mwa gawo la mpweya lokhuthala kilomita imodzi yokha. Tinthu tomwe sitingaoneke ukayang'ana molunjika pansi timaunjikana panjira yaitali imeneyi mpaka kuyezeka. Ndiyeno chida chimayeza pamtunda wa makilomita 40, 39, 38, kutsika mpaka pamitambo, ndipo makompyuta amamasula miyesoyo kuyambira pamwamba, gawo ndi gawo, ngati kusenda anyezi.

Popeza chida chotere sichidikira kutuluka kapena kulowa kwa dzuwa, chimayeza ponseponse pomwe kuli masana. Chida cha ku Canada chotchedwa OSIRIS, chomwe chili pa setilaiti ya ku Sweden ya Odin, chinakwera mu Febuluwale 2001. SCIAMACHY inagwira ntchito pa setilaiti ya ku Ulaya ya Envisat kuyambira 2002 mpaka 2012. Chida cha OMPS choyang'ana m'mphepete, pa setilaiti ya Suomi NPP yomwe inakwera mu Okutobala 2011, chimayang'ana malo atatu nthawi imodzi ndipo chimabweretsa miyeso masauzande patsiku. SAGE II itasiya ntchito mu 2005 panadutsa zaka zoposa khumi cholowa m'malo mwake, SAGE III, chisanaikidwe mu 2017 pa International Space Station, siteshoni yozungulira dziko kumwamba. M'zaka zimenezo, zida zoyeza kuwala komwazika ndi zomwe zinanyamula gawo lalikulu la katunduyu.

Koma kuwala kofika m'chidacho si kwa ma aerosol okha, ndipo ntchito yaikulu ili pa kupeta. Mpweya pawokha umamwaza kuwala. Lord Rayleigh anasonyeza mu 1871 kuti tinthu tochepetsetsa timamwaza kwambiri kuwala kwa mafunde afupiafupi, moti kwabuluu kumamwazika kuposa kofiira pafupifupi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. N'chifukwa chake kumwamba kumaoneka kwabuluu. Timadontho ta asidi ndi tokulirapo, kukula kwake kumayandikira utali wa funde la kuwala, ndipo timatsata masamu ena omwe Gustav Mie analemba mu 1908: sitisankha kwambiri mtundu wa kuwala. Ndiye nzeru yake ndi kuyang'ana kumene mpweya uli chete koma ma aerosol akulankhulabe, kutanthauza chakumapeto kwa kuwala kofiira ndi kupitirira apo. OSIRIS imayeza kuwala kwa mafunde otalika mananomita 750 (maikulomita imodzi ili ndi mananomita 1,000), pomwe ozone nayonso siimwa kuwala kwambiri. Kuchuluka kwa mpweya pamtunda uliwonse n'kodziwika, motero amawerengera kuwala komwe mpweya woyera ukanapereka, ndipo kotsalako amati ndi kwa ma aerosol.

Pali kuwala kwina kolowerera. Dziko lapansi limabweza kuwala kumwamba, ndipo mitambo yoyera, chipale ndi chipululu zimabweza kwambiri kuposa nyanja. Kuwala kumeneku kumaunikira timadontho kuchokera pansi, ndipo kwina kumagunda kawiri katatu kusanalowe m'chida. Pochepetsa chisokonezochi amafanizira muyeso uliwonse ndi wa pamtunda wa makilomita 35 mpaka 40, pomwe ma aerosol ndi ochepa zedi, poti kuwala kochokera pansi kumakhudza malo onse awiri mofanana ndithu. Ndiye palinso nkhani yodziwa pomwe chida chikuloza. Uli pa makilomita 2,800, kupendekeka pang'ono kosaoneka ndi maso kumasuntha muyeso ndi mamita mazana angapo, ndipo popeza mpweya umachepa msanga ukamakwera, cholakwika chimenechi chimaoneka ngati ma aerosol achuluka kapena achepa. Kumunsi kwa stratosphere kumadera otentha kuli timitambo topyapyala ta madzi oundana tomwe timanamiza chida, ndipo tiyenera kuzindikiridwa n'kuchotsedwa.

Zonsezi akatswiri apeza njira zozigonjetsera ndithu. Chovuta chenicheni, chomwe kwa ine ndiye mtima wa nkhaniyi, ndi kukula kwa timadontho.

Woyendetsa minibasi aliyense amadziwa zomwe galasi lafumbi limachita. Dzuwa likakhala kumbuyo galasilo limaoneka loyera, koma akakhotera kumadzulo dzuwa likulowa, galasi lonse limayera mbee mpaka msewu osaoneka. Fumbi ndi lomwe lija, chasintha ndi mbali yomwe kuwala kukuchokera. Timadontho ta mu stratosphere timachitanso chimodzimodzi: timaponya kuwala kwambiri kutsogolo, pang'ono chabe kumbuyo, ndipo kadontho kakakula, kukondera kutsogoloku kumakulanso. Tsono chida chikaona kuwala kwakuti, funso ndi lakuti kodi ndi timadontho tambiri tating'ono, kapena towerengeka tatikulu? Kuti usandutse kuwala kukhala kuchuluka kwa ma aerosol uyenera kudziwa kukula kwake, chikhalirecho kukulako ndi chimodzi mwa zomwe ukufuna kupeza. Mmene amachitira ndi kuyamba ndi chiganizo: amatenga makulidwe omwe mabaluni a ku Wyoming anapeza m'zaka zabata, n'kuwaika m'masamu ngati kuti ndi a dziko lonse. M'zaka zabata chiganizochi chimagwira bwino. Phiri likaphulika timadontho timakula, monga tinakulira kangapo pambuyo pa Pinatubo, ndipo chiganizo chija chimayamba kusokeretsa pa nthawi yeniyeni yomwe muyeso ukufunika kwambiri.

Ife okhala kumwera kwa equator nkhaniyi imatikhudza mwapadera. Chifukwa cha njira yomwe Suomi NPP imayenda ndi mbali yomwe OMPS imayang'ana, kumpoto kwa dziko chidacho chimaona kuwala koponyedwa kutsogolo, komwe ndi kwamphamvu, pomwe kumwera chimaona koponyedwa chakumbuyo, komwe ndi kofooka. Motero mlengalenga wa mbali yathu ino ndi wovutirapo kuyeza ndi chida chimenechi, ndipo akatswiri anachita kusamukira ku mafunde ataliatali, pafupi ndi mananomita 870 ndi 1,000, kuti muyeso wakumwera ukhale wodalirika.

Kukulaku sikungovutitsa owerengera okha. Salifa wofanana kulemera akagawika m'timadontho tating'ono amabweza kuwala kwa dzuwa kwambiri ndipo amakhalitsa kumwamba. Akaunjikana m'timadontho tatikulu amabweza pang'ono, amagwira kutentha kochokera pansi, ndiponso amagwa msanga. Ukalakwitsa kukula walakwitsa kuzizira komwe ukulosera. Njira yopezera kukulako ilipo: kufanizira mitundu ingapo ya kuwala. Timadontho tating'ono timamwaza kwabuluu kuposa kofiira, tatikulu timamwaza yonse pafupifupi mofanana, ndipo kusiyanaku kumayezedwa ndi nambala yomwe Anders Ångström anayambitsa mu 1929. Koma nambala imodzi siingafotokoze zonse, poti kumwambako timadontho sitikhala ta msinkhu umodzi. Zida zatsopano zikuonjezera mafunde ataliatali komanso kuyeza mbali yomwe mafunde a kuwala akugwedezekera, popeza nayonso imasintha ndi kukula kwa kadontho.

Ngakhale zili choncho, zomwe njirayi yaonetsa ndi zambiri. Kale anthu ankaganiza kuti mapiri akuluakulu okha ngati Pinatubo ndi El Chichón wa ku Mexico, yemwe anaphulika mu 1982, ndiwo amafika mu stratosphere. Miyeso ya zaka za m'ma 2000 inasonyeza kuti mapiri ocheperapo, monga Kasatochi mu 2008 ndi Sarychev mu 2009, ankaonjezera ma aerosol pang'onopang'ono, mpaka kuphimba kagawo ka kutentha kwa dziko m'zaka zimenezo. Mu Juni 2011 kunaphulika Nabro ku Eritrea, kuno ku Africa, ndipo OSIRIS inatsatira mtambo wake ukufalikira kumpoto kwa dziko. Zinabutsa mtsutso pakati pa akatswiri: ena ankati mphepo za monsoon za ku Asia ndizo zinakweza salifayo, ena ankati phirilo linamuponya lokha mpaka kumwambako.

Kenako kunabwera utsi. Moto wa ku Australia kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020 unali waukulu moti unapanga mitambo yakeyake ya mabingu, yomwe inakankhira utsi mu stratosphere. Utsi uli ndi mwaye, ndipo mwaye umamwa kuwala n'kutenthetsa mpweya wouzungulira, motero gulu lina la utsiwo linadzikweza lokha mpaka makilomita pafupifupi 35. Masamu okonzedwera timadontho ta asidi, tomwe sitimwa kuwala kooneka ndi maso, anakumana ndi mlendo amene sanamuyembekezere.

Pa 15 Januwale 2022 phiri la pansi pa nyanja ya Pacific la Hunga Tonga-Hunga Ha'apai linaphulika, mtambo wake n'kufika makilomita oposa 55. Salifa anali wochepa, pafupifupi theka la miliyoni ya matani, koma nthunzi ya madzi inali matani pafupifupi 146 miliyoni, kuonjezera gawo limodzi mwa khumi pa madzi onse a mu stratosphere. Madziwo anafulumizitsa kusanduka kwa salifa kukhala timadontho, ndipo timadonthoto tinakula kuposa mmene masamu ankaganizira. OMPS inkaona mtambowo tsiku ndi tsiku ukuzungulira kumwera kwa dziko, koma manambala ake ankasiyana ndi a SAGE III, ndipo chifukwa chachikulu chinali kukula kwa timadontho komwe kuja. Apa ndi pomwe zinaonekera poyera kuti njira ziwirizi zimadalirana. Yoyang'ana dzuwa imaona malo ochepa koma molondola, yoyang'ana m'mphepete imaona ponseponse koma imafuna woiwongolera. M'miyezi yotsatira, anthu ambiri kumwera kwa dziko anaona kumwamba kukufiira ndi kuchita pepo dzuwa litalowa kale. Kumeneko kunali kuwala komwazika komwe kuja: pansi pali kale mdima, koma pa makilomita 20 dzuwa likuwombabe timadontho. Anthu anaona zomwezi phiri la Krakatau ku Indonesia litaphulika mu 1883, ndipo ma setilaiti asanabwere asayansi ena ankayerekeza mtunda wa mkandawo poyeza kuwala kwa chisisira ali pansi.

Chomwe chimandichititsa kuti nkhaniyi ndiitenge mozama ndi ganizo lothira salifa mu stratosphere mwadala pofuna kuziziritsa dziko. Crutzen yemwe uja analitchukitsa mu 2006, ndipo kuyambira pamenepo lakhala likukambidwa kwambiri. Kafukufuku wasonyeza kuti ma aerosol akachuluka mbali imodzi ya dziko, mkanda wa mvula ya kumadera otentha umasunthira mbali inayo, ndipo chilala cha ku Sahel, dera la kumwera kwa chipululu cha Sahara, chagwirizanitsidwapo ndi mapiri ophulika kumpoto kwa equator monga El Chichón. Mkanda wa mvula umenewo ndi womwewo umatibweretsera dzinja. Nduna zoona zachilengedwe za m'maiko a mu Africa zinapempha mu 2023 kuti pakhale pangano loletsa njirayi, ndipo pamsonkhano wa United Nations wa zachilengedwe ku Nairobi mu 2024 maiko sanagwirizane pa nkhaniyi. Kaya munthu akuvomereza ganizoli kaya akulikana, ngati wina atadzayesa, zida zoyang'ana m'mphepete mwa dziko ndi zina mwa zomwe zingaone msanga, ndipo funso loyamba lidzakhala lomwe lija la kukula kwa timadontho.

Zidazo zambiri ndi zokalamba. Odin anakonzedwa kuti agwire ntchito zaka ziwiri, koma wapitirira zaka makumi awiri. Envisat inasiya kulankhula mwadzidzidzi mu Epulo 2012, ndipo CALIPSO inatha mu 2023. OMPS ina yoyang'ana m'mphepete inakwera pa NOAA-21 mu Novembala 2022, ndipo bungwe la ku Ulaya loona zamlengalenga la ESA likukonza setilaiti ya ALTIUS, motsogozedwa ndi Belgium, yomwe idzagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri. SAGE III, yomwe miyeso ya kuwala komwazika imatsamirapo, ili pa International Space Station, ndipo siteshoniyo akukonza zoitsitsa cha m'ma 2030.